Kasanu ndi Kawiri mu Yordani: Maganizo a Sabata Ino pa za Malungo



M'buku lachiwiri la Mafumu, mutu 5, timawerenga za Namani, mkulu wa ankhondo a ku Siriya, amene adadwala khate. Mneneri Elisa adamuuza kuti akasambe kasanu ndi kawiri mu mtsinje wa Yordani. Namani adapsa mtima, pakuti ankayembekeza chozizwitsa chogwedeza dziko, koma adapatsidwa kantchito kakang'ono koti akabwereze mpaka katakwana. Akadatuluka m'madzi ulendo wachisanu ndi chimodzi, akadabwerera kwao ndi khate lake. Sabata ino ndifuna kuti nkhani imeneyi itiunikire pa nthenda imene banja lililonse likuidziwa, ndiyo malungo.

Pa 23 April 2019, dziko lathu lidakhala loyamba pa dziko lonse lapansi kupereka katemera wa malungo wotchedwa RTS,S kwa ana a kusikelo. Ghana ndi Kenya adatsatira. Ntchitoyi idayambira m'maboma 11, mwa iwo Mchinji ndi Ntchisi, amene tidachita nawo malire. Katemerayu sadagwe kuchokera kumwamba ngati mana. Akatswiri adamufufuza zaka zoposa 30, ndipo ana a ku Lilongwe adali m'gulu la amene adatenga mbali pa kafukufuku wamkulu wa zaka za 2009 mpaka 2014. Ana oposa 2 miliyoni atalandira katemerayu m'maiko atatuwa, zidapezeka kuti imfa za ana a msinkhu womulandira zidatsika ndi 13 pa 100 aliyense. Mu 2021 bungwe la zaumoyo la WHO lidamuvomereza, ndipo mu 2023 lidavomerezanso wachiwiri, wotchedwa R21, wopangidwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Oxford.

Imeneyi ndi nkhani yoyenera kuthokozera Mulungu. Koma tiimve bwino. Katemerayu mwana amalandira kanayi: katatu asanakwanitse chaka, ndipo kachinayi akamayandikira zaka ziwiri. Ulendo wotsirizawu ndiwo umaiwalika kawirikawiri, chifukwa mwana akayamba kuthamanga, makolo amaona ngati za sikelo zatha. Komanso katemerayu satseka khomo lonse. Kafukufuku adaonetsa kuti pa maulendo 10 amene ana akadadwala malungo, iye amaletsa pafupifupi 4. N'chifukwa chake neti yogonamo ikadali yofunika usiku uliwonse, ndipo malo ake ndi pamphasa kapena pabedi. Tikaitchingira kunazale ya fodya kapena kukhola la anapiye, tapulumutsa mbande ndi nkhuku, tapereka mwana kwa udzudzu.

Chimodzimodzinso mankhwala. Akuluakulu akukumbukira kuti mu 1993 Malawi adasiya chloroquine chifukwa tizilombo ta malungo tidamupima mphamvu. Fansidar amene adalowa m'malo mwake adafookanso, ndipo mu 2007 tidayamba kumwa LA. Mphamvu ya LA imachokera ku chomera chimene mayi wina wa ku China, Tu Youyou, adachifufuza m'zaka za m'ma 1970, ntchito imene idampatsa mphotho ya Nobel mu 2015. LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi, m'mawa ndi madzulo, masiku atatu. Koma onani zimene zimachitika m'midzi yathu. Malungo amachuluka nyengo ya dzinja, pomwe fodya akuthyoledwa, kusokedwa ndi kupachikidwa m'zigafa. Munthu akamva bwino tsiku lachiwiri amathamangira kumunda, mapilisi otsala n'kuwasungira wina amene adzadwale. Potero tizilombo totsala m'magazi timadzukanso, ndipo timapeza mpata wozolowera mankhwala. Ofufuza aona kale zizindikiro za kuzolowera kotereku ku Rwanda ndi ku Uganda. Tataya kale mankhwala awiri. Kodi tifuna kutaya achitatu?

Ndidziwa kuti ena amati, wokhulupirira Mulungu safunika jekeseni. Ena amanong'ona kuti m'katemera muli chiwembu. Kufunsa sikulakwa, pakuti safunsa adadya phula. Koma funso lipite kwa alangizi a zaumoyo ndi anamwino, amene angathe kuyankha ndi kuima pa mau ao. Uthenga wa pa WhatsApp wopanda mwini sudzabwera kudzakupepesani pa maliro. Ndipo za chikhulupiriro, buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limatiphunzitsa kulemekeza sing'anga, popeza nzeru zake ndi mankhwala omera m'nthaka zimachokera kwa Mulungu yemweyo. Mpingo umene umadzoza odwala ndi mafuta oyera ndi womwewo udamanga zipatala ku Likuni, ku Madisi ndi ku Nkhamenya. Ambuye Yesu adakana kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa Nyumba ya Mulungu. Kukana thandizo limene Mulungu watiikira pafupi, kenaka n'kumuyembekeza kuti achite chozizwitsa, ndi kumuyesa.

Achinyamata, taonani amene adathandiza Namani. Woyamba adali kamtsikana kogwidwa ukapolo, kamene kadauza mkazi wake za mneneri wa ku Samariya. Ena adali antchito ake, amene adamunyengerera mwaulemu kuti atsikire m'madzi. Palibe mmodzi mwa iwo adali dokotala kapena mfumu. Malo amenewa ndi anu. Inu mumatha kuwerenga kabuku ka kusikelo, choncho onani ngati mng'ono kapena mlongo wanu walandira akatemera onse a msinkhu wake, ndipo akumbutseni amai tsiku lobwerera. Wodwala akabwera ndi LA, muwerengereni mpaka womaliza. Mwana akatentha thupi, mutengereni kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, ngakhale fodya akudikira m'chigafa. Pa msonkhano wa mphakati sabata ino, funsanani ngati ana a matenanti a m'maesiteti otizungulira akugona m'neti, pakuti iwonso ndi abale athu.

Akatswiri achita mbali yao m'zaka zambiri za khama. Yotsalayi ndi yathu, ndipo ndi yaing'ono ngati kusamba mu Yordani.

Ambuye Yesu, Sing'anga wa matupi ndi mitima yathu, dalitsani onse ofufuza ndi osamala odwala, ndipo mutipatse mtima wopirira kuti zabwino zimene tayamba tizifikitse kumapeto. Amen.