Pamene Hita ya Galimoto Iuzira Mphepo Yozizira

Amene mudakhalako kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi m'miyezi ya Juni ndi Julaye simusoŵa wokuuzani za chisanu chathu. Nkhungu imatsika m'phiri la Ntchisi m'bandakucha ndi kukuta zigwa zonse, ndipo ana anga kusukulu amafika zala zitauma, osatha kugwira pensulo kufikira dzuŵa litakwera. Mwezi uno ndifuna ndikambe za kachinthu kamene ambiri a ife timakayesa kongosangalatsa thupi, ndiko hita ya m'galimoto, pakuti kadatsala pang'ono kutitengera maliro aŵiri pa tsiku limodzi.

Mpingo wathu uli ndi minibasi yakale, Toyota Hiace, imene tidagula ndi zopereka za masika. Tsiku lina m'mwezi wa Julaye tidanyamuka tambala woyamba atangolira, titanyamula amayi a Chigwirizano kunka ku maliro cha ku Mvera. Anthu khumi ndi anayi akamapuma m'galimoto yotseka mazenera, galasi lakutsogolo limachita nthunzi msanga. Woyendetsa adatsegula hita kuti iumitse galasilo, koma idangouzira mphepo yozizira ngati ya mwera. Mtiki wina wachinyamata adayamba kupukuta ndi nsonga ya chitenje cha amayi ena, ndipo pokhota pena tidangoona ngolo ya ng'ombe yopanda nyali ili pamphuno pathu. Mabuleki adagwira, Mulungu adatisunga, koma nyimbo imene amayi ankaimba idathera pomwepo.

Nditafotokoza nkhaniyi pa msonkhano wa akulu a mpingo, mkulu mnzanga wina adati tisaononge ndalama za Ambuye pa zinthu za manyado, popeza abusa Murray ndi Vlok adafika ku Mvera m'chaka cha 1889 opanda hita, ndipo Robert Blake adayamba ntchito ku Kongwe mu 1894 mphepo ikumuomba chimodzimodzi. Tidaseka tonse. Ine ndidangoyankha kuti iwowo analibenso galasi loti lichite nthunzi. Adandilola kupita nayo galimotoyo kwa makaniko wina ku Mponela, amene ndidamphunzitsa ali mwana, ndipo tsiku limenelo wophunzira ndidali ine.

Choyamba chimene adandiuza ndi chakuti hita ilibe moto wakewake. Injini ikamagwira ntchito imatentha, ndipo madzi amazungulira m'kati mwake kuchotsa kutenthako ndi kukakutaya ku rediyeta. Ena mwa madzi otenthawo amapatukira m'mapaipi aŵiri a labala kunka ku karediyeta kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi, ndipo fani imauzira mphepo kudzera pa kameneka. Tsono hita ikauzira mphepo yozizira, tanthauzo lake ndi lakuti madzi otentha sakufika pamenepo, kapena madziwo sakutentha konse, kapena mphepo ikulambalala. Pa zitatuzi, ziŵiri zoyambazo zikukamba za umoyo wa injini yeniyeniyo.

"Aphunzitsi," adatero iye, "yambani ndi chimene sichilira ndalama." Adadikira kuti injini izizire ndithu, kenaka adatsegula chitsekero cha rediyeta. Apa ndichenjeze kolimba: chitsekero chimenechi sichitsegulidwa injini ili yotentha, pakuti madzi ake amatumphuka ndi nthunzi ndipo amasupula khungu la nkhope ndi manja. Madzi adali ochepa. Madzi akachepa, hita ndiyo imayamba kusoŵa, injini isanadandaule n'komwe. Chizindikiro chake n'chakuti galimoto ikaima hita imazizira, mukaponda mafuta imafundako pang'ono. Ndipo madzi sachepa okha popanda potulukira. Ife tidapeza paipi ina itang'ambika pang'ono pa mfundo, itasiya mzere woyera ngati wa mchere. Chitsekero chokalamba nachonso chimataya madzi, makamaka kuno kumtunda kumene madzi amaŵira pa madigiri pafupifupi 95 m'malo mwa 100. Chitsekero chabwino ndicho chimapanikiza madziwo kuti asaŵire msanga pa chitunda.

Adasintha paipiyo, nathira madzi, ndipo adaisiya injini ikulira kanthaŵi, hita ili yotsegula, kuti mpweya wotsekeredwa m'mapaipi utuluke. Mpweya wotere pawokha umatha kuletsa madzi kufika ku hita, ndipo nthaŵi zina umamveka kuseri kwa dashibodi ngati madzi otuluka m'botolo. Ine ndidayesa kuti ntchito yatha. Iye adati tiyambe tayenda.

Pokwera chitunda hita idafunda bwino, koma potsetsereka muvi wa geji ya kutentha udagwa pansi, ndipo mphepo idazizira ngati kale. Mnyamatayo adangogwedeza mutu nati, "Themositati mulibe umu." Kameneka ndi kachitseko kakang'ono kamene kamatseka njira ya madzi yopita ku rediyeta injini ikadali yozizira, ndipo kamatseguka kokha madzi akafika madigiri a pakati pa 80 ndi 90, monga mwa mtundu wa galimoto. Adamasula pamalo pake, ndipo mudalidi mopanda kanthu. Wina adakachotsa kale, galimotoyo isanafike m'manja mwathu.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa chizoloŵezi chimenechi chafala kwambiri. Galimoto ikayamba kutentha, ena amathamangira kuchotsa themositati, akumati kameneka adakapangira maiko a chipale, osati Malaŵi. Kumeneko n'kubisa matenda. Chimene chidatenthetsa injini, kaya ndi rediyeta yotsekeka, kaya ndi fani yakufa, chimatsala momwemo. Ndipo injini yoyenda yozizira tsiku ndi tsiku imamwa mafuta ambiri, imadetsa oyilo, ndi kutha msanga m'kati. Amene amakhala ku Salima kapena ku Nkhotakota, kumene kumatentha, mwina sangazindikire msanga. Ife a kumapiri mwezi wa Juni umatiululira. Themositati ikafa, mankhwala ake n'kugula ina, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa mafuta amene tidakhala tikutaya osadziŵa.

Ataika yatsopano, adandigwiritsa mapaipi aŵiri aja opita ku hita, mosamala, injini itatentha. Onse adali otentha, koma adandiuza kuti ndikadzapeza ina yotentha ina yozizira, ndidziŵe kuti karediyeta kaja katsekeka ndi dzimbiri. Ichi chimadza chifukwa chothira madzi a pamjigo kapena a pachitsime okhaokha zaka ndi zaka, mopanda coolant, mankhwala aja obiriŵira kapena ofiirira oletsa dzimbiri. Ndipo pamenepa ndidaŵerama, pakuti chigubu cha madzi a pamjigo ndinkachisenza ndine. Kaŵirikaŵiri kamatseguka akakatsuka ndi madzi oloŵetsera kumene amatulukira. Koma mapaipi onse akakhala otentha mphepo n'kukhalabe yozizira, vuto lili pa kachitseko ka mphepo m'dashibodi kapena waya wake, ndipo injini ilibe mlandu. Mukamva fungo lotsekemera m'galimoto ndipo pansi popondapo mapazi panyoŵa, karediyetako kabooka. Ena amangolumikiza mapaipi aŵiriwo kukalambalala, ndipo wogula galimoto yotero amadzadziŵa chisanu chikafika.

Chinthu chimodzi adachibwereza kaŵiri, ndipo inenso ndichibwereza kwa oyendetsa galimoto za mipingo yathu. Hita imene inkafunda ikazizira mwadzidzidzi pa ulendo, muvi wa geji n'kumakwera, imani pomwepo ndi kuzimitsa injini, ngakhale mudzi wa maliro ukuonekera patsidya. Madzi atha, kapena pampu yaleka kuwazunguza, ndipo makilomita oŵerengeka okha akwanira kupsereza gasiketi ndi kupinda mutu wa injini.

Pobwerera kuchokera ku Mponela tidakumana ndi nkhungu madzulo. Ndidalozetsa mphepo yofunda ku galasi, ndidatsegula njira yoloŵetsa mphepo yakunja monga adandilangizira, ndipo galasi lidayera msanga. Pa msonkhano wotsatira tidagwirizana kuti woyendetsa aziona madzi Loŵeruka lililonse m'maŵa injini isanalizidwe, ndi kulemba m'kabuku. Mkulu mnzanga uja ndiye adapempha kuti kabukuko azikasunga iye.