Bilu ya Matenanti Inagona Aphungu Akuonerera

Bilu yoteteza matenanti a m'maesiteti a fodya inalembedwa mu 1995. Maboma anasinthana biluyo ili m'kabati, kufikira mu 2021 pamene Nyumba ya Malamulo inangothetsa utenantiwo. Zaka 26! Nanga aphungu athu anali kuti? Tinawatuma kukapanikiza nduna kuti itchule tsiku lobweretsa bilu, ikazemba aiitanitse ku komiti.

Za penshoni nazo n'zowawa. Lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011 linati bwana azisonkha 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5, koma matenanti ndi antchito a panyengo anasiyidwa panja. Amene akalambira m'zigafa adzadya chiyani msana ukadzakana khasu? Anzathu alimi, phungu akabwera kumudzi, atiyankhe zimenezi asanayambe kugawa zitenje.