Magalasi anga sakundipweteka, nanga mukundithamangitsiranji ku laser?

Ndinayamba kuvala magalasi ndili Fomu 2, aphunzitsi a masamu atatopa ndi kundiona ndikukopera m'kope la mnzanga m'malo moyang'ana pa bolodi. Kuyambira pamenepo dzina langa linasanduka Maso Anayi. Mwezi watha msuweni wanga wa ku Johannesburg ananditumizira pa WhatsApp chithunzi chotsatsa malonda a chipatala china cha maso kumeneko: mtsikana akumwetulira, akuponya magalasi m'bini. Msuweniyo anawonjezera kuti, "Iwe, yamba kusunga ndalama, ubwere pa holide adzakuchotse zimenezo kumasoko."

Ndinakopeka, sindinama. Amene sanavalepo magalasi sadziwa mmene mvula ya mu Januwale imatizunzira, kapena kudzuka usiku magetsi atazima n'kumapapasa pamene unawasiya. Koma nditawerenga za opaleshoniyi kwa masabata angapo ndinatsala ndi mkwiyo. Opaleshoniyo ndilibe nayo chifukwa. Andikwiyitsa ndi anthu amene akuigulitsa ngati foni yatsopano.

Taonani zimene zimachitika ukagona pabedi paja. Kutsogolo kwa diso kuli kachikopa koonekera ngati galasi, kamene madokotala amati cornea. Kukhuthala kwake ndi pafupifupi theka la milimita. Pa opaleshoni ya LASIK, dokotala amadula kachivundikiro kopyapyala pamwamba pake n'kukapindira pambali, kenako laser imapala mnofu wapansipo kuti kuwala kuzifika pamalo oyenera mkati mwa diso. Akatha amabwezera kachivundikiro kaja. Otsatsa amanyadira kuti masiku ano sagwiritsanso ntchito mpeni. N'zoona, pali laser ina imene imadula. Koma kudula n'kudula basi, ndipo mnofu umene wapalidwa sumeranso. Njira zina, monga PRK imene ndi yakale kuposa LASIK, ndi SMILE imene ku America anaivomereza mu 2016, nazonso zimachotsa mnofu. Magalasi akakulakwitsira umabwerera kukasinthitsa. Cornea akampala sabwereranso mmene analili.

Ndisabise mbali yabwino. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linachita nawo kafukufuku wotchedwa PROWL, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2017. Anthu oposa 95 pa 100 alionse anati akhutira ndi mmene akuonera. Chiwerengero chimenechi otsatsa amachiloweza pamtima. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti mwa anthu amene analibe vuto lililonse la kaonedwe asanachitidwe opaleshoni, mpaka 46 pa 100 alionse anali ndi vuto lachilendo patatha miyezi itatu: kuona mkombero wowala kuzungulira magetsi, kuthobwa m'maso usiku, kapena kuona chinthu chimodzi ngati ziwiri. Mwa amene maso awo sankauma, mpaka 28 pa 100 alionse anayamba kuuma maso. Kuumako kuli ndi chifukwa chake: podula paja timitsempha timene timauza diso kuti litulutse misozi timaduka nato. Ambiri amachira pakapita miyezi, ena ayi. Amene anavutika kwambiri mpaka kulephera ntchito zawo za tsiku ndi tsiku sanakwane mmodzi pa 100. Ndi ochepa, inde. Koma ine diso langa silikudwala, ndipo magalasi akundionetsa bwinobwino. Ndiye ngoziyo, ngakhale ichepe, ndiyenera kuuzidwa yonse ndisanasainire.

Si ine ndekha ndikudandaula. Morris Waxler, amene anali mkulu ku FDA pa nthawi imene ankavomereza makina amenewa, anadzatembenuka n'kupempha kuti chilolezocho chichotsedwe. Anamukanira. Koma mu 2022 FDA yomweyo inatulutsa malangizo oyamba ofuna kuti wodwala aliyense azipatsidwa mndandanda wa zoopsa, aziwerenga ndi dokotala wake, onse n'kusainira. Ngati zafika poti boma liganize zouza madokotala kuti azifotokoza, ndiye kuti kufotokozako kunali kuperewera.

Tsono nkhani imene ikutikhudza ife a zaka za m'ma 20. Opaleshoniyi imafuna munthu wa zaka 18 kapena kuposa, amene mphamvu ya magalasi ake sinasinthe kwa chaka chathunthu. Ambiri a ife maso akusinthabe. Ukapalidwa diso likadasintha, pakapita zaka zochepa ubwereranso ku magalasi, ndalama zitapita.

Choopsa kwambiri ndi matenda otchedwa keratoconus, pamene cornea amapyapyala n'kuyamba kutukumuka kutsogolo ngati nsonga. Amayamba pa unyamata, ndipo amayenderana ndi kutikita maso. Ndi angati a ife tinakula tikutikita maso ofiira, oyabwa, m'fumbi la mu Okutobala? Poyamba matendawa amaoneka ngati kungofuna magalasi amphamvu. Ukapala cornea wotere, angathe kufooka n'kupindika mpaka munthu kufunika kumuika cornea wa munthu wina. N'chifukwa chake dokotala wabwino amajambula kaye maonekedwe a cornea ndi kuyeza kukhuthala kwake, ndipo akaona zokayikitsa amakubweza. Amabwezanso amayi oyembekezera, odwala shuga amene sanakhazikike, ndi amene maso awo ndi ouma kale. Funso limene ine ndingafunse poyamba ndi ili: adokotala, ndi anthu otani amene mumawakana? Akayankha mozemba, ndinyamuka.

Pali zinanso zimene mtsikana wa pachithunzi uja sananene. Munthu akadutsa zaka 40 amayamba kuvutika kuwerenga pafupi, ndipo laser ya pa unyamata siiletsa zimenezi. Magalasi owerengera adzakupezani. Siiteteza ku ng'ala kapena glaucoma. Ngati simuona patali chifukwa diso lanu ndi lalitali, likhalabe lalitali, ndipo ngozi yoti retina, kachikopa kakumbuyo kolandira kuwala, kangamatuke ikhalapobe. Komanso cornea wopalidwa amasokoneza makina oyezera kuthamanga kwa madzi m'diso, moti chiwerengero chimatsika kuposa chenicheni, ndipo amavutitsa dokotala amene adzakuchotseni ng'ala mutakalamba. Choncho mapepala a miyezo ya diso lanu musanapalidwe muwatenge, muwasunge ngati satifiketi ya MSCE.

Nanga za ulendo? Msuweni wanga amaona ngati ndi nkhani ya sabata imodzi ya holide. Koma dokotala amafuna akuone mawa lake, kenako patapita masiku, kenakonso patapita miyezi. Kachivundikiro kaja kakasuntha kapena diso likatupa uli ku Zomba, akuona ndani? Tikiti yobwerera ku Johannesburg alipira ndani? Mtengo wa pachithunzi uja ukuphatikiza kubwerezanso opaleshoni ngati yoyamba sinakwanire? Madokotala a maso ku Queens kapena ku Nkhoma alipo, koma ali ndi mizere ya agogo amene ng'ala yawatseka maso. Zimenezi muyenera kukambirana musanakwere basi. Ndipo ngati amene akukufotokozerani zonsezi ndi wa pa desiki ya malonda, n'kumakuuzani kuti mtengo wotsika utha Lachisanu, dziwani kuti changu chimenecho si cha diso lanu.

Wina anena kuti ndikuopseza anthu. Ayi. Pali anthu amene magalasi amawalepheretsadi ntchito, kapena amene diso lina limasiyana kwambiri ndi linzake, ndipo opaleshoniyi imawamasula. Munthu wamkulu akamva zonse n'kusankha, ndi diso lake. Chimene ndikukana ndi kutiphunzitsa manyazi pa magalasi kuti tithamangire kukasaina. Amene ankanditcha Maso Anayi anali ana. Awa ndi akuluakulu ndipo akupeza nazo ndalama.

Msuweni wanga ndinamuyankha kuti mphamvu ya magalasi anga inasinthanso chaka chatha, choncho ngakhale dokotala wake, ngati ndi woona mtima, angandibweze. Sanandiyankhe. Ndalama zimene ndinayamba kusunga ndagulira felemu ina, chifukwa yakale ija inathyokera m'minibasi.