Tisanagule radar yanyengo, tifunse za mphamvu

Namondwe wa Freddy atakantha chigawo chakummwera mu March 2023, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ku Chilobwe, matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba. Nchifukwa chake nkhani ya radar yoonera mvula si ya akatswiri okha ayi. Ife tikuti dziko likamaika ndalama pa makinawa, funso lisakhale loti ndi aakulu bwanji, koma loti mphamvu yake igawidwa bwanji.

Radar imaponya mafunde m'mlengalenga nkumvetsera omwe abwerera akagunda madontho a mvula. Mtunda ukatalika, obwererawo amafooka. Kuti ione mvula yomweyo pa mtunda wowirikiza kawiri, imafuna mphamvu yowirikiza kanayi. Ikakhala ndege, mphamvuyo imawirikiza ka 16.

Komanso mphamvu yokha sithetsa zonse. Radar zikuluzikulu za NEXRAD ku America zimaponya mafunde a makilowati 750, koma poti dziko ndi lozungulira, pa mtunda wa makilomita 200 mafundewo amakhala akudutsa pafupifupi makilomita 4 m'mwamba. Zochitika pansi pake, komwe kuli anthu, sizioneka. Kwathu kuno onjezeranipo mapiri. Mulanje, wotalika mamita 3,002, angatchinge mafunde osaona zakuseri kwake.

Akatswiri a pulojekiti ya CASA, yomwe inayamba mu 2003 motsogozedwa ndi University of Massachusetts Amherst, anayesa njira ina ku Oklahoma. Anaika tiradar 4 ting'onoting'ono, totalikirana makilomita pafupifupi 30, tolumikizidwa pa kompyuta. Mphindi iliyonse kompyutayo inkasankha radar yoti iyang'ane mbali iti. Komwe kuli mtambo woopsa, radar ziwiri kapena zitatu zinkalunjika komweko, osataya mphamvu ndi nthawi pa thambo loyera. Nzomwe mumachita batire ya foni ikatsala pang'ono: mumatseka TikTok kuti WhatsApp ikhalebe.

Ena anena kuti radar zing'onozing'ono zili ndi vuto lake, ndipo sakunama. Mafunde ake amafooka msanga mvula ikakhala yamphamvu, ndipo makina ambiri amafuna amisiri ambiri ndi intaneti yodalirika. Koma mutu umodzi susenza denga. Ina ikatchingidwa ndi mvula, inzake imaona mtambo womwewo kuchokera mbali ina. Ina ikafa, zotsalazo zimagawana ntchito. Yaikulu ikakhala imodzi yokha nkuzima, basi, dera lonse lili mumdima.

Ndipo kuzimako tikukudziwa. Mu January 2022, namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130. Ndiye kuti tsiku lomwe radar ikufunika kwambiri ndi lomwenso magetsi angathe kuthima. Makina osadya magetsi ambiri nkosavuta kuwayendetsa ndi sola ndi mabatire.

Choncho boma, nthambi yoona zanyengo ndi mabungwe othandiza, musanasaine mgwirizano uliwonse wogula radar, tiuzeni poyera: idzaikidwa pati, idzaona madera ati, ndipo magetsi akathima idzagwira ntchito maola angati? Aphungu afunse zimenezi ku Nyumba ya Malamulo. Nanunso achinyamata, mukaona chithunzi cha nduna ikudula riboni pa Facebook, musangoika like. Funsani ngati makinawo adzaone mvula ya kumudzi kwanu, komanso ngati chenjezo lidzafike pa foni yanu madzi asanalowe m'nyumba.