Lamulo la pa Pepala ndi Lamulo la pa Sikelo

Thonje la kwa Mlolo kuno ku Chadiza ndi thonje la ku Tete limamwa mvula imodzi, koma likafika pa sikelo limakumana ndi malamulo osiyana.

M'caka ca 1994 boma la Zambia linagulitsa Lintco kwa makampani a Lonrho ndi Clark Cotton, ndipo patapita zaka zocepa ogula anaculuka. Kampani inali kukongoza mlimi mbeu ndi mankhwala, iye nalonjeza kuigulitsa zokolola zake. Koma wogula wina, wosakongoza kanthu, anali kufika ndi mtengo wokwererapo. Alimi ambiri anagulitsa kumbali, ngongole nizitsala. Mu 2012 misozi inali ya alimi, pamene mtengo unagwa ndi theka iwo atalima kale.

Ku Mozambique anasankha njira ina. Boma limapatsa kampani imodzi dera lake, nililengeza mtengo umene kampaniyo siyenera kutsika pansi pake. Ngongole imatetezeka, koma mlimi alibe pothawira kampani ikamucitira ulesi. Ku Malawi nako boma limalengeza mitengo yoyambira caka ndi caka, ngakhale kuti wogula wa kumudzi samvera nthawi zonse.

Makampani akuluakulu ali ndi malamulo aoao a makhalidwe abwino. Mu 2000 bungwe la United Nations linakhazikitsa pangano la Global Compact, ndipo mu 2004 linaonjezapo mfundo yacikhumi, yoletsa ziphuphu. Mau ake ngokoma. Koma cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Pangano losainidwa ku New York limayesedwa pa tsiku la msika, pamene kalaliki ayang'ana sikelo ndipo mai wosadziwa kuwerenga ayang'ana nkhope ya kalalikiyo.

Maiko atatuwa atiphunzitsa cinthu cimodzi: lamulo lililonse lili ndi mpata, ndipo cotseka mpatawo ndi cikumbumtima. Kampani yoba makilo awiri pa thumba ndi mlimi wothira madzi kapena mcenga m'thonje, onse awiri adula nthambi imene akhalapo.

Tsono inu alimi, funsani mtengo musanatenge mbeu, sungani risiti, ndipo bwezani ngongole. Inu akalaliki, tembenuzani sikelo kuti mwini thonje aone yekha.