OPUMA PANTCHITO NAWONSO AYENERA KUIONA NYANJA

Pali chizolowezi china chimene chazika mizu pakati pa anthu ogwira ntchito m'dziko muno, ndipo nthawi yakwana yakuti chiunikidwe. Munthu akakwanitsa zaka 60 n'kupuma pantchito ya Boma, anzake amamukonzera phwando, amampatsa bulangete kapena wailesi, amamuthokoza ndi mawu okoma, kenaka galimoto imanyamula katundu wake kupita naye kumudzi. Kuyambira tsiku limenelo maulendo ake amatsala atatu okha: wa kumaliro, wa kuchipatala, ndi wokalondola ndalama zake za penshoni. Mphunzitsi amene anakhala akujambula mapu a Nyanja ya Malawi pabolodi kwa zaka zoposa 30 amakalamba mpaka kutsikira kulichete asanaione nkhwazi ikuwakha nsomba pamadzi. Zotere n'zosayenera m'dziko limene pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 ndi madzi.

Aliyense woyenda mumsewu wa M5 nyengo yachilimwe amakumana ndi magalimoto a alendo okhala ndi matenti padenga. Ena mwa magalimotowa ali ndi bedi, mbaula ndi thanki ya madzi m'kati mwake, moti mwini wake amagona paliponse pamene dzuwa lamulowera. Ambiri mwa alendowa ndi anthu aimvi amene anapuma pantchito kwawo ku South Africa kapena ku Ulaya. Ku America ndi ku Australia chizolowezichi n'chofala kwambiri: munthu akapuma pantchito amagula karavani n'kumayendera dziko lake kwa miyezi ingapo. Akafika ku Salima amamanga msasa ku Senga Bay, nachita hayala boti kukaona zilumba, mbalame ndi nsomba. Alendowa ngolandiridwa, pakuti amasiya ndalama m'dziko muno. Koma funso n'lakuti: nanga eni nyanja amene anatumikira dziko lino mpaka kumera imvi ali kuti?

Mmalawi wopuma pantchito sasowa karavani kuti aione nyanja. Chimene akusowa ndi khomo lolowera, ndipo khomo limenelo liripo kale. Chipoka ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kummwera kwa tauni ya Salima, ndipo ndi doko lokhalo m'dziko muno pamene njanji imafika pagombe la nyanja. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima m'chaka cha 1935, chaka chomwe mlatho wa pa Zambezi ku Dona Ana unatsegulidwa, ndipo kuyambira pamenepo katundu wochokera ku Beira ankatsitsidwa pa Chipoka n'kukwezedwa m'sitima zapamadzi kupita kumpoto. Sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Glasgow m'chaka cha 1949 n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, inayamba kuyenda m'chaka cha 1951, ndipo kwa zaka zambiri Chipoka inali pakati pa madoko amene inkaima paulendo wake wa mlungu ndi mlungu wopita ku Nkhotakota, Likoma, Nkhata Bay ndi Chilumba. M'chaka cha 1979 njanji inapitirizidwa kuchokera ku Salima kukafika ku Lilongwe.

Ambiri mwa opuma pantchito a lero amalidziwa bwino doko limeneli. Aphunzitsi, anamwino, apolisi, alangizi a zaulimi ndi makalaliki ambiri anadutsa pa Chipoka ali anyamata ndi atsikana, atanyamula sutikesi ndi kalata yowatumiza ku ntchito yawo yoyamba. Iwo anaiona nyanja ngati msewu chabe, ali ndi nkhawa ya kumene akupita. M'zaka zotsatira, misewu ya tara itachuluka, katundu ndi anthu anasamukira ku malole ndi mabasi, sitima zapamtunda zonyamula anthu zinasiya kufika, ndipo doko linazizira. Kubweretsa anthu amenewa pa Chipoka ndiko kuwabwezera pamalo amene anayambira utumiki wawo, komanso ndiko kupatsa dokolo ntchito ina yatsopano.

Zoti aone n'zambiri. Kumpoto kwa Chipoka, kufupi ndi pamene mtsinje wa Linthipe umathira m'nyanja, kuli zilumba 3 za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga. Zilumbazi ndi gawo la Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1980, ndipo m'chaka cha 1984 bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa malo amene ali chuma cha dziko lonse lapansi. Chifukwa chake ndi nsomba. Nyanja imeneyi, yotalika makilomita oposa 550 ndi yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto, ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri mwa mitunduyi sipezeka kwina kulikonse. M'miyala ya m'mbali mwa zilumba mumakhala mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene munthu amationa ali khale m'boti madzi akakhala bata. Mbuna yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atakhwima, monganso chimachitira chambo, chimene chachimuna chake chimakumba chisa chozungulira pamchenga. Pamwamba pa mitengo pamakhala nkhwazi, mbalame imene ili pachizindikiro cha dziko lino, ndipo pamiyala pamaothera dzuwa ng'azi. Munthu amene wakhala akudya chambo moyo wake wonse ayenera kuona kumene chimachokera.

Ulendo wotere suthera pamadzi pokha. Kummwera kwa Chipoka, chakufupi ndi Mtakataka, kuli Mishoni ya Mua imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, pamene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni m'chaka cha 1976. Kumeneko kukusungidwa mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Kufupi ndi tauni ya Salima kuli malo osungira nyama a Kuti. Masiku atatu ngokwanira kuona zonsezi popanda kuthamanga.

Ena adzati nkhani imeneyi ndi ya anthu okhuta. Adzati munthu wopuma pantchito ali ndi adzukulu ofuna fizi, munda wofuna feteleza ndi denga lodontha, ndipo kumuuza za kukwera boti kukaona mbalame n'kumunyogodola. Mawu amenewa sayenera kukankhidwira kumbali, pakuti muli choonadi. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 m'mwezi wa Meyi 2022, ndipo inachepetsedwanso ndi 44 pa 100 m'mwezi wa Novembala 2023. Amene anapwetekedwa kwambiri ndi anthu odalira penshoni, chifukwa iwo alibe bwana womupempha kuti awakwezere malipiro. Madandaulo a anthu odikira ndalama zawo zopumira kwa miyezi yambiri, ena mpaka zaka, amamveka kawirikawiri. Munthu amene fayilo yake ikadali pa tebulo la wina sangaganize za nyanja.

Koma mawu omwewa akusonyeza pamene ntchito iyenera kuyambira. Lamulo la penshoni la 2011 linakakamiza olemba anthu ntchito kusonkha 10 pa 100 ndi wogwira ntchito 5 pa 100 ya malipiro ake, ndipo lamulo lina latsopano linalowa m'malo mwake m'chaka cha 2023. Cholinga cha malamulowa sichinali chakuti munthu angopeza ndalama zogulira bokosi lake la maliro. Cholinga chinali chakuti zaka zake zomaliza zikhale zaulemu. Kalaliki amene akuchedwetsa fayilo ya wopuma pantchito lero akumbukire kuti fayilo yake nayonso idzafika pa tebulo la wina. Kutulutsa penshoni pa nthawi yake ndiyo sitepe yoyamba ya ulendo wopita ku Chipoka.

Chachiwiri, maganizo akuti kupuma ndi kuona malo n'za azungu okha ngolakwika ndipo ngochokera m'nthawi ya atsamunda, pamene mahotela a m'mbali mwa nyanja ankamangidwira alendo ndi mabwana, Amalawi nkumalowamo ngati operekera zakudya ndi ochapa zovala. Dziko linalandira ufulu m'chaka cha 1964, koma maganizo amenewa akadalipo m'mitu ya anthu ambiri ophunzira. Madokotala amanena mosabisa kuti kukhala pamodzimodzi, kusungulumwa ndi kudandaula kumafooketsa okalamba, makamaka amene akudwala matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Munthu amene anazolowera kucheza ndi anzake tsiku ndi tsiku ku ofesi akangotsekeredwa pakhonde amafota msanga. Ulendo umodzi pachaka pamodzi ndi anzake akale ndi mankhwala otsika mtengo.

Za mtengo wake, mutu umodzi susenza denga. Chimene munthu mmodzi sangakwanitse, anthu 30 angachikwanitse. Amalawi anaonetsa kale luso losonkherana kudzera m'zipereganyu, m'mabanki a m'mudzi ndi m'mabungwe a SACCO. Gulu la opuma pantchito la ku Dedza, Ntcheu, Dowa kapena Lilongwe likamasonkha pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi lingathe kuchita hayala basi imodzi, kunyamula ufa, nyemba, mapoto ndi nkhuni zake, n'kukagula usipa ndi utaka kwa asodzi a pagombe pomwepo. Malo ogona sayenera kukhala hotela. Matenti, maholo a mipingo ndi zipinda za sukulu pa nthawi ya tchuthi zingathandize, malinga pakhale matiresi ndi masikito, pakuti msana wa munthu wa zaka 70 sugwirizana ndi mkeka wa pasimenti, ndipo malungo ngambiri m'mbali mwa nyanja. Nawonso malo otetezedwa a Boma amalipiritsa nzika za dziko lino ndalama zochepa kusiyana ndi alendo ochokera kunja, koma ambiri sadziwa zimenezi chifukwa palibe anawauza.

Khonsolo ya boma la Salima, mogwirizana ndi mafumu a m'derali, ingachite bwino kupatula malo a msasa pafupi ndi Chipoka okhala ndi madzi aukhondo, zimbudzi, mthunzi ndi mlonda. Malowo asankhidwe mwanzeru pamtunda wokwera, pakuti m'chaka cha 2024 madzi a nyanja anakwera kwambiri n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri a ku Salima ndi ku Mangochi. Msasa wotere sungatumikire opuma pantchito okha. Ana asukulu, magulu a mipingo ndi alendo a makaravani omwe angaugwiritse ntchito n'kumalipira, ndalamazo n'kumasamalira malowo.

Pa nkhani ya chitetezo pasakhale kunyengerera. Nyanja ya Malawi si dziwe. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira kufupi ndi Chitimba chifukwa cha mphepo yamkuntho, ndipo anthu 145 anataya miyoyo yawo. Ngati mafunde anagonjetsa sitima yachitsulo, nanga kaboti ka matabwa? Mphepo ya mwera imawomba mwamphamvu makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, choncho maulendo a okalamba akonzedwe kunja kwa miyezi imeneyi, ndipo boti lizinyamuka m'mamawa madzi asanavunduke. Boti lililonse likhale lovomerezedwa ndi a dipatimenti yoona za maulendo apamadzi, lisadzaze mopitirira muyeso, ndipo wokwera aliyense avale jekete yoyandamitsa asanaponde m'botimo. Gulu lililonse liyende ndi namwino, amene sasowa pakati pa opuma pantchito. Alendo achenjezedwe za ng'ona ndi mvuu za m'mathiriro a mitsinje, ndiponso za likodzo la m'madzi a m'bango. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ngozi imodzi yokha ingathe kupha ntchito yonseyi isanakhwime.

Phindu la maulendowa lidzatsalanso ndi anthu a m'mbali mwa nyanja. Chambo chinachepa kwambiri poyerekeza ndi zaka za m'ma 1980, ndipo chakumapeto kwa chaka chilichonse usodzi wa makoka umatsekedwa kuti nsomba ziswane. Msodzi amene ali ndi boti labwino angathe kupeza ndalama ponyamula alendo m'malo mozembetsa khoka usiku. Amayi ophika, ogulitsa zipatso ndi osema ziboliboli nawonso angapezepo kangachepe. Anthu a ku Salima safunika kuphunzitsidwa kusamala nyanja. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, mwambo wotseka usodzi m'nyengo ya dzinja wakhala ukutsatidwa kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo akatswiri a m'maiko ena amabwera kudzaphunzirako. Nzomvetsa chisoni kuti mlendo wa kutsidya kwa nyanja amadziwa za Mbenji pamene mlangizi wopuma pantchito wa ku Mchinji sanamvepo.

Opuma pantchito nawonso sadzabwerera chimanjamanja. Iwo ndiwo amakhala m'makomiti a sukulu, a mipingo ndi a chitukuko m'midzi, ndipo mawu awo amamveka. Matope amene mtsinje wa Linthipe umathira m'nyanja amachokera m'minda ndi m'mapiri ometedwa a ku Dedza ndi ku Lilongwe. Gogo amene waona ndi maso ake madzi ofiira akulowa m'nyanja kufupi ndi zilumba za Maleri adzalankhula mwamphamvu za kubzala mitengo ndi kuleka kulima m'mbali mwa mitsinje kuposa chikalata chilichonse chochokera ku likulu.

Tsono udindo uli poyera. A maofesi oona za penshoni atulutse ndalama za anthu pa nthawi yake. A zokopa alendo aleke kuyang'ana ku bwalo la ndege kokha, ayambe kulengeza mitengo ya nzika m'Chichewa ndi m'zinenero zina za dziko lino. Khonsolo ndi mafumu apereke malo. Atsogoleri a m'madera, m'nthambi ndi m'maboma athandize opuma pantchito kupanga magulu awo, ndipo ana amene ali pantchito aonjezerepo pa zosonkha za makolo awo. Aliyense amene ali pa mpando lero ndi wopuma pantchito wa mawa. Msasa umene angathandize kumanga pa Chipoka chaka chino ndi womwewo umene adzagonemo iye mwini tsiku lake likadzafika.