Nkhalango ya Mudzi ndi ya Yani?

Alimi anzathu, munda wa chimanga uli ndi mwini wake, ndipo mbuzi ikalowamo mlandu ufika kwa Amfumu tsiku lomwelo. Koma phiri limene tidulako mitengo ya zigafa ndi nkhuni zofukizira fodya wa chikopa, alidandaula ndani? Wodula mtengo atenga phindu lonse yekha, koma tsoka lake ligwera mudzi wonse, pamene madzi a mvula atsika mwaliwiro nakumba zigwembe m'minda ya kunsi. Chifukwa chake munthu aliyense afulumira ndi nkhwangwa, poopa kuti mnzake amtsogolera mawa.

M'chaka cha 1968 Garrett Hardin wa ku America analemba kuti chuma cha onse chotere chidzatha ndithu, ngati sichigawidwa kwa eni kapena kulamulidwa ndi Boma. Ife sitivomereza. Phiri likagawidwa, mayi wamasiye adzatola kuti nkhuni? Kunena za mphamvu ya Boma, akuluakulu akumbukira malamulo a malimidwe a zaka za m'ma 1950, pamene anthu analipitsidwa ndi kumangidwa chifukwa cha mizere, kufikira ambiri anadana ndi chinthu chimene chikadasunga nthaka yao.

Mayi Elinor Ostrom, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2009, anaonetsa kuti midzi yambiri yasunga chuma cha onse ndi malamulo akeake. Ku Törbel, m'mapiri a Switzerland, anthu anapangana mu 1517 kuti munthu asatumize ku busa la mudzi ng'ombe zoposa zimene angathe kudyetsa kwao m'nyengo yozizira. Lamulo limeneli ndi lanzeru chifukwa mnansi aliyense atha kuona ngati lasweka.

Kuno kwathu nkhalango za midzi zinayamba kupatulidwa mu 1926, ndipo lamulo la nkhalango la 1997 linalola mafumu kupatulanso malo otere. Tsono pepala lokha silimeretsa mtengo. Mudzi ukhale pansi pa bwalo, uike malire odziwika, utchule amene aloledwa kudula ndi mwezi wodulira. Mlimi wa fodya, pokhala ndiye amene atha nkhuni zambiri, adule monga mwa mitengo imene wabzala pa malo ake. Amayi otola zouma asaletsedwe. Wolakwa koyamba alipire nkhuku, wobwereza alipire mbuzi, ndipo mphwake wa Amfumu alipire chimodzimodzi ndi mkamwini wobwera.